Timizere Timene Patricia Anafufuta

Eliness anadziwira pamsonkhano, pamaso pa mudzi wonse wakwawo ku Nazombe, kuti mwamuna amene ankafuna kumukwatira wajambula ngalande yodutsa pakati pa munda wa amayi ake.

Anali atakhala pabenchi la alendo, pabwalo la sukulu, pamodzi ndi anzake a kuofesi. Iye ndi Goodman, mwamuna wofuna kumukwatirayo, onse anali mainjiniya a bungwe lina limene linabwera ku Phalombe kudzateteza midzi ku madzi otsika m'phiri la Michesi. Ntchito anachita kugawana. Eliness ankayeza malo n'kuwajambula pakompyuta, ndipo Goodman ankatenga zojambulazo n'kuwerengera kumene madzi angathamangire mvula ikachuluka. Sabata yathayo Eliness anali ku Blantyre kumaphunziro, moti mapu omaliza anali asanawaone.

A Kaliati, bwana wawo, atatambasula mapuwo pabolodi, mzere wofiira wonenepa unaoneka ukuchoka kumsewu, n'kudula dimba la mpunga la a Makina, amalume ake a Eliness, n'kulowa m'munda wa chinangwa wa amayi ake, mpaka kukathera kudambo. Goodman anaimirira n'kufotokoza m'Chichewa chake cha ku Ntcheu kuti kompyuta yaonetsa madzi akudzaza kuseri kwa msewu ngati m'beseni, choncho kuti nyumba zisadzagwe pakufunika ngalande yaikulu pamene padutsa mzerewo. Nthawi yonseyo sanayang'ane kumene kunali Eliness.

A Makina, amene anali mwinimbumba, anafunsa kuti malowo anayeza ndani. A Kaliati anayankha monyadira kuti ndi mwana wawo yemwe, Eliness. Makosi onse anatembenukira pabenchi paja. Amayi ake anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

A Makina anayamba alankhula ndi akuluakulu anzawo m'Chilomwe, kenako anatembenukira ku Chichewa kuti mlendoyo amve bwinobwino.

"Mnyamata uyu anafika pakhomo panga atagwada, ati akufuna mbeta. Sindinadziwe kuti maso ake anali paminda."

Anatola chipewa chawo n'kunyamuka. Mbumba yonse inawatsatira, ndipo msonkhano unathera pomwepo.

*

Kunyumba sanamulole n'kukhala pansi komwe. A Makina ananena kuti ankhoswe a Goodman, amene amayembekezeka kumapeto kwa mwezi, asavutike kukwera basi. Anati sanaonepo mkamwini wogawa minda ya eni mudzi asanadzike ngakhale mtengo umodzi wa nyumba yake, ndipo ngati akuchita zimenezi ali panja, akadzalowa adzagulitsa ndi manda omwe.

Eliness anayesa kufotokoza kuti pali china chimene chalakwika. Pansi pa msewu umenewo pali mapaipi aakulu otulutsa madzi, anawayeza yekha, ndipo chibadwire sanaonepo madzi ataima pamalo amene mapu akunena. Amalume akewo anamudula mawu. Anati ngati mapu ndi abodza, ndiye kuti wabodza ndi iyeyo, poti dzina limene latchulidwa pagulu ndi lake.

Koma amene anamupweteka kwambiri anali amayi ake. Sanakweze mawu. Anangomukumbutsa kuti chaka chimene madzi osefukira a Napolo anatenga bambo ake, iye ali kamtsikana, chimene chinatsala ndi munda umenewo basi. Makaka a chinangwa cha m'mundamo ndi amene anamulera mpaka anakafika kusukulu ya ukachenjede.

"Ndinkati ndikuphunzitsa mwana woti adzatiteteze ku madzi," anatero. "Kodi ndiye kuteteza kwake kumeneku?"

Eliness anapita kuseri kwa nkhokwe. Foni yake inali itadzaza ndi mauthenga a Goodman. Woyamba unkati asakwiye, afotokoza. Wachiwiri unkati iyenso zamuwawa, koma manambala sanama. Wachitatu unkati amamukonda, ndipo munda wina adzagula.

Anayankha ndi mawu ochepa: "Munda wa amayi anga si wa pamsika." Kenako anathimitsa foniyo.

*

M'mawa mwake anali woyamba kufika kuofesi. Anatsegula fayilo imene Goodman anagwiritsa ntchito, n'kuiika pafupi ndi yake imene anamusiyira popita ku Blantyre.

Kompyuta siidziwa munda, msewu kapena mtsinje. Kuti iwerengere kayendedwe ka madzi, dera lonse umaligawa m'tizidutswa ta makona atatu tolumikizana ngati ukonde, umene kuofesi ankangoti meshi. Tizidutswato timasonyeza pokwera ndi potsika, koma patokha sitinena kumene madzi amalowera kapena kutulukira. Zimenezo Eliness anaziika patimizere ting'onoting'ono togona m'mphepete mwa ukondewo ndi pansi pa msewu, kamzere kalikonse ndi dzina lake: polowera madzi a m'phiri, potulukira kudambo, mapaipi a pansi pa msewu. Mapaipiwo anachita kukwawamo yekha, atavala majombo, matope mpaka m'tsitsi.

M'fayilo ya Goodman munalibe kamzere ngakhale kamodzi. Polowera ndi potulukira anali atapaikanso ndi manja, poti aliyense amadziwa kumene kuli phiri ndi kumene kuli dambo. Koma mapaipi munalibe. Kompyuta inaona msewu ngati khoma la damu lopanda chibowo, ndiye madzi akanapita kuti?

Akali chiyang'anire, analowa Patricia, amene ankayang'anira makompyuta a paofesipo. Anali wa ku Ntcheu ngati Goodman, ndipo awiriwo akamacheza ankakonda kutchula mayina a midzi ndi anthu amene Eliness sankawadziwa. Patricia anasuzumira pakompyutapo n'kumwetulira. Sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza yekha kuti pulogalamu ya Goodman inkaikana fayiloyo, ikudandaula kuti muli tizinthu topanda kukula, ndiye iye anamuthandiza kusesa zinyalalazo mpaka inatseguka.

Eliness anamufunsa ngati ankadziwa ntchito ya zimene anasesazo. Patricia anati zake n'zotsegula mafayilo, za madzi ndi za eni ake. Anawonjezera kuti ntchitoyo inawatengera Loweruka lonse, kunyumba kwa Goodman, chifukwa kuofesi magetsi anali atazima.

"Kunyumba kwake?"

"Nanga tikanakhala pamsewu? Achemwali, mukamachoka musamamusiyire mwamuna fayilo yosatseguka. Amafuna womutsegulira."

Eliness anaimirira mwakuti mpando unagwa chagada. Patricia anabwerera m'mbuyo pang'ono, koma kumwetulira kwake sikunachoke. Anatola makiyi ake n'kutuluka akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

*

Goodman anamupeza Eliness kuseri kwa ofesi, pamene ankaimika galimoto. Anali ndi nkhope ya munthu amene sanagone. Atamva zimene Eliness wapeza, anatsamira galimoto n'kugwira mutu.

Anafotokoza kuti a Kaliati ankamukalipira kuti mapu atuluke msonkhano usanafike. Anayesa kumuimbira foni ku Blantyre koma inali yothima. Timizereto ankatiyesa tobwereza chabe, poti tinkagona ndendende pamphepete mwa tizidutswa ta makona atatu, ndiye Patricia atanena kuti tichotsedwe, anavomera. Eliness anamufunsa kuti ataona madzi akuima pamalo amene sanaimepo chiyambire, bwanji sanadabwe. Anamukumbutsa kuti pamapaipi omwewo ndi pamene ankakhala awiri Lamulungu masana, miyendo ili lende, akudya nzimbe. Kodi tsiku limenelo maso ake anali kuti?

Goodman anayamba kupempha. Pamapuwo anasaina ndi iyeyo kuti wawaona ndipo ali bwino. Lolemba kukubwera akuluakulu a bungwe kuchokera ku Lilongwe kudzavomereza ntchitoyo, ndipo akamva kuti anaonetsa mudzi wonse zinthu zolakwika, ntchito yake yatha, poti nthawi yake yoyesedwa inali isanathe. Anati adikire kaye avomereze, kenako awiriwo adzakonza mwakachetechete.

Eliness anamuuza kuti akavomereza, chotsatira ndi mathirakitala, ndipo thirakitala siidziwa mwakachetechete. Chinangwa cha amayi ake chikadzazulidwa, adzachibwezera ndi chiyani?

Apo ndi pamene Goodman ananena mawu amene anaononga zonse. Anati chilichonse chimene Eliness angachite, dzina la Patricia asalitchule. Mtsikanayo ankangothandiza, alibe mlandu.

Pamene Eliness anayankha, sanamutchulenso kuti iwe.

"A Goodman, dzulo amalume anga ananditukwana pamaso pa ana. Amayi anga sanandiyankhe moni m'mawa uno. Dzina langa lili m'kamwa mwa mudzi wonse. Inu munthu woyamba kumumvera chisoni ndi Patricia?"

"Si choncho, Eli."

"Loweruka munadya chiyani?"

Goodman anayang'ana matayala a galimoto. Pamapeto pake anavomera kuti Patricia anaphika, koma anangophika basi, ndipo anachoka dzuwa lisanalowe. Eliness anati sanafunse nthawi imene anachoka, koma poti wayankha yekha, ndiye kuti funsolo lakhala likumuvutitsa. Anamusiya ali chiimire pagalimotopo.

*

Loweruka kuofesi kunalibe munthu, ndipo magetsi analipo. Eliness anakhala pakompyuta ya Goodman ndi fayilo yake yoyamba, imene anali nayo pafulashi.

Pulogalamu inaikanadi, monga ananenera Patricia. Inkayesa timizereto ndi mbali ya nthaka, n'kumafuna kudziwa kukula kwake, pamene mzere uli ndi utali wokha. Koma mankhwala ake sanali kutifufuta. Chofunika chinali kuiuza kuti powerenga fayilo izisiyanitsa: tizidutswa ta makona atatu tipite kunthaka, timizere tiikidwe padera, kenako dzina la kamzere kalikonse limatidwe pamphepete mwa kachidutswa kamene kagundana nako. Anayesa kaye kubwezera timizereto m'fayilo imene Patricia anasesa, koma zinakanika, chifukwa posesapo manambala a mfundo za ukonde anasinthika onse, moti paipi ya pansi pa msewu inakagwera pamwamba pa chulu. Anatukwana chamumtima n'kuyambiranso ndi fayilo yakeyake.

Masana pulogalamu inavomera. Anayang'ana madzi abuluu akutsika m'phiri pakompyutapo. Anafika pamsewu, anaunjikana pang'ono, kenako analowa m'mapaipi n'kutsata khwawa lakale mpaka kudambo. Dimba la a Makina silinakhudzidwe. Munda wa amayi ake unali wouma. Chimene chinkafunika chinali kukulitsa mapaipiwo ndi kulambula khwawa, basi.

Anaganiza kuti asangalala, koma mkwiyo ndi umene unakula. Zonsezi, manyazi onsewa, chifukwa cha munthu amene sanathe kudikira kuti amufunse.

Anasindikiza mapu atsopanowo n'kukwera njinga ya kabaza kupita ku Nazombe. A Makina anawapeza akukonza mpini wa khasu. Anayang'ana pepalalo, analitembenuza, n'kufunsa ngati tsopano kompyuta yasintha maganizo. Eliness anafotokoza kuti kompyuta sinalakwe, koma anaipatsa zinthu zoperewera. A Makina anafunsa kuti anaipatsa ndani. Eliness anakhala chete.

Amalume akewo anati kukhala chete kumeneko akumva bwino. Pepala sangalikhulupirire, poti dzana lomweli pepala lina linanena zina. Chimene akufuna ndi chakuti Lolemba, pamaso pa akuluakulu a ku Lilongwe ndi pamaso pa mudzi, Eliness aimirire n'kutchula amene analakwitsa. Akatero adzadziwa kuti akali mwana wa pakhomopo.

"Ukamubisa, ndiye kuti munapangana. Ukatero ukakhale kwawo komweko, kuno usadzafunenso malo omanga."

Amayi ake anali pakhonde akusenda nandolo. Sanawatsutse achimwene awowo.

*

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Eliness anali ataganiza chochita. Mkwiyo unalipobe, koma sankafuna kuti Goodman amvere pagulu monga anamvera iye. Akamupatsa mapu atsopanowo kuti Lolemba aimirire yekha, avomere ndi pakamwa pake kuti analakwitsa, n'kuonetsa kukonza kwake. Mwina a Kaliati angamukhululukire munthu wodziulula yekha. Mwinanso amalume ake angaone kuti mnyamatayo ali ndi msana.

Nyumba ya Goodman inali paboma, kuseri kwa msika. Atakhota pampanda, anaona malaya a Goodman ali ndandanda pachingwe, akudontha. Amene ankayanika anali Patricia, atamanga chitenje m'chiuno, wopanda nsapato, ngati munthu wa pakhomo. Pamkeka, mumthunzi wa khonde, panali mayi wachikulire wovala duku loyera, chikwama cha paulendo chili pambali pake.

Eliness anagwada n'kupereka moni. Mayiyo anayankha mosatambasula dzanja. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati ndi iyeyo Mlomwe wa kuofesi uja. Eliness anati dzina lake ndi Eliness. Mayiyo anati dzinalo alimva kale, ndipo iwo ndi mayi ake a Goodman, afika dzulo kuchokera ku Ntcheu.

Anapitiriza kulankhula mosafulumira, ngati akuwerenga chilengezo. Patricia anawaimbira foni kuti mwana wawo ali pamavuto, kuti pali mkazi wina kuntchito amene akufuna kumuchotsetsa chifukwa cha kamunda ka chinangwa. Iwo sanadabwe. Anamuuza kale Goodman kuti ukwati wokakhala kwa mkazi, kukalima minda ya eni ake ngati waganyu, si ukwati umene anamulerera. Banja la Patricia amalidziwa kuyambira kalekale, amapemphera mpingo umodzi, ndipo akuluakulu a mbali zonse ziwiri anayamba kale kukambirana.

"Ndabwera kudzaona mpongozi wanga uyu," anatero akuloza Patricia ndi chibwano, "komanso ndimafuna ndione nkhope ya munthu amene akufuna kumulanda mwana wanga chakudya pakamwa."

Goodman anatulukira pakhomo atamva mawuwo. Anali atavala malaya amene Eliness anamugulira. Ataona amene wagwada pabwalo, anaima pakhomo pomwepo ngati wakhomeredwa ndi msomali.

Eliness anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo. Mawu ake anatuluka otsika kwambiri.

"A Goodman, zimene akunena amayiwa mukuzidziwa?"

Goodman anati nkhaniyo ndi yaitali, apite kuseri akakambirane awiri. Eliness anakana. Anati wanyozedwera pabwalo, ndiye yankho alimvere pabwalo pomwepo. Goodman anayang'ana amayi ake, anayang'ana Patricia, kenako ananena kuti zokambiranazo anazimva, koma iye sanavomere. Eliness anafunsa ngati anakana. Goodman sanayankhe.

Envulopu ya mapu inali ikadali m'manja mwake. Anabwera nayo kudzapulumutsa munthu, ndipo tsopano ankafuna kumumenya nayo kumaso. Asanasankhe chochita, foni inalira m'chikwama. Unali uthenga wochokera kwa a Kaliati.

Analemba kuti alandira lipoti lakuti Loweruka Eliness analowa muofesi yekha, n'kukhala pakompyuta ya mnzake popanda chilolezo, ndipo anawonjezera zinthu m'fayilo kuti madzi aoneke ngati akulambalala munda wa amayi ake. Mlandu wotere ndi waukulu, chifukwa ukukhudza miyoyo ya anthu. Lolemba asadzakhudze kompyuta iliyonse, asadzalankhule pamsonkhano, ndipo adzafike ndi makiyi a ofesi.

Eliness anauwerenga kawiri. Atadzutsa mutu, Patricia anali akufinya malaya omaliza, madzi akuyenderera m'zigongono, maso ali pa iye.

Fayilo yoyamba inali pafulashi, koma ndani akanakhulupirira fulashi ya munthu amene munda wake uli pamzere wofiira? Kupatula Patricia, panali munthu mmodzi yekha amene anaona timizereto tisanafufutidwe, amene akanatha kuuza a Kaliati kuti tinalimo kuyambira pachiyambi. Eliness anayandikira Goodman n'kumuonetsa foniyo. Goodman anawerenga.

"Mawa mukanena chiyani?" anafunsa Eliness.

Amayi aja anaitana mwana wawo ndi dzina la paubwana, n'kumuuza kuti alowe m'nyumba, chakudya chikuzizira. Patricia anadutsa pakati pa awiriwo atanyamula beseni, phewa lake n'kukhudza la Goodman.

Goodman anabweza foniyo m'manja mwa Eliness, osamuyang'ana m'maso. Amayi ake anaitananso kachiwiri, ndipo iye anatembenuka n'kulowa.